Nelsa ndi Nkhwangwa Yoyendayenda

Uyu ndi Nelsa. Nelsa ndi mwana wa mlongo wanga Belarmino. Ine ndine azakhali ake. Tonse timakhala ku Milange, munsi mwa phiri.

Nelsa ali ndi manja amphamvu. Alinso ndi mtima wapachala. Akakwiya amatupa. Amatupa ngati mtanda wa mapau, buledi wa kwathu kuno. Mlomo umatalika. Umatalika ndithu. Mutha kupachikapo dengu.

Nelsa ankafuna chinthu chimodzi. Ankafuna ntchito yakeyake.

Kusukulu, kuno timati kushikola, Nelsa amalowa masana. M'mawa ankangokhala. Kukhalako kunkamukwiyitsa.

"Papa, ndikufuna kumawaza nkhuni," anatero Nelsa.

"Nkhuni za yani?" anafunsa Papa.

"Za anthu. Ine ndiziwaza. Iwo azindilipira. Nsapato ndizigula ndekha."

Papa sanaseke. Analowa m'nyumba. Anatuluka ndi nkhwangwa.

"Nkhwangwa iyi ndi yakale," anatero Papa. "Agogo ako anabwera nayo kuchokera ku Malawi. Nkhondo inali itangotha. Nyumba yathu yoyamba tinamangira yomweyi. Lero ndi yako."

"Yanga?"

"Yako."

"Yangayanga?"

"Yakoyako, mwanangu."

Mawu amenewa muwasunge, ana inu. Nelsa anawasunga.

Papa anamuphunzitsa kuwaza.

"Tangadza miyendo," anatero Papa. "Yang'ana mng'alu. Menya pamng'alu pomwepo. Pamfundo ayi. Pamwala ayi."

Nelsa anatangadza miyendo. Anayang'ana mng'alu. Anamenya pomwepo.

Khaa! Phwaa!

Chipika chinagawika pakati.

Tsono nkhwangwa ilipo. Manja alipo. Nanga nkhuni zowaza?

"Tiye," anatero Mama Armanda. "Ndikudziwa koyambira."

Anapita kwa Dona Inocência. Dona Inocência amaphika mapau. Ali ndi uvuni wa njerwa pafupi ndi msika. Anyamata a kabaza amadya mapau ake. Onyamula katundu kumalire amadyanso omwewo. Uvuni umenewo umadya nkhuni ngati njovu.

Dona Inocência anamuyang'ana Nelsa. Anayamba kumutu. Anatsiriza kumapazi.

"Kamtsikana aka?" anatero. "Kawaze zipika zanga?"

"Muyeseni," anatero Mama. "Ndinabereka ndekha. Ndikumudziwa."

Nelsa anatangadza miyendo. Anayang'ana mng'alu.

Khaa! Phwaa!

Khaa! Phwaa!

"Hii," anatero Dona Inocência. "Chabwino. Uzibwera m'mawa uliwonse. Koma tamva, iwe. Uvuni wanga sudikira munthu. Uvuniwu ukazizira, ntchito yako yatha."

"Suzizira, Dona," anatero Nelsa.

Ntchito inayamba. Nelsa ankadzuka m'mamawa. Ankawaza. Ankasanja nkhuni pafupi ndi uvuni. Kenako ankasamba n'kupita kushikola. Madzulo ena ankanola nkhwangwa pamwala wonolera. Ankaiimika kuseri kwa chitseko.

Mlomo unafupika. Dengu linasowa popachika.

Koma tsiku lina Nelsa anadzuka. Anayang'ana kuseri kwa chitseko. Kunali tsache. Kunali khasu. Nkhwangwa kunalibe.

"Papa! Nkhwangwa yanga ili kuti?"

Papa anali kusukusula. "Abwereka a Zacarias," anatero.

"Mwawapatsa?"

"Ndawapatsa dzulo. Iwe unali kushikola."

"Osandifunsa?"

"Mnansi sitimumana, mwanangu. Kupatsa n'kuika."

Ndi zoona, ana inu. Kwathu kuno timatero. Khasu timabwerekana. Mtondo timabwerekana. Sefa, pompa ya njinga, ngakhale moto. Mnzako akapempha, umapereka. Mkulu akapempha, mwana sakana.

Koma uvuni sudziwa zimenezo. Uvuni umadziwa nkhuni.

Nelsa anatupa. Mlomo unatalika. Ananyamuka.

Di! Di! Di!

Ine ndinamanga nsalu n'kutsatira pambuyo. Mkwiyo wa Nelsa sindiuphonya. Umakoma kuposa wailesi.

A Zacarias amawotcha nyama ya mbuzi pamsewu. Tinawapeza akukupiza moto.

Nelsa anapinda bondo. Mwana amayamba ndi moni, ngakhale akwiye.

"Bondiya, Tiyu," anatero. Moniyo anatulukira m'mano. Kwathu kuno bambo wamkulu timati Tiyu, mayi timati Titiya.

"Bondiya, mwanawe! Kwagwanji?"

"Ndabwerera nkhwangwa yanga."

"Yako? Si ya Belarmino ija?"

"Ndi yanga."

"Aa, ya bambo kapena ya mwana, n'chimodzimodzi. Ndangodulira mafupa basi."

"Mwadulira pati?"

"Pamwala apa."

Nelsa anayang'ana mwalawo. Unali ndi zipsera zoyera. Zipsera zambirimbiri.

"Pamwala!" anatero Nelsa.

"Ee, pamwala. Nanga ndikadulira pamutu panga?"

"Ili kuti, Tiyu?"

"Atenga a Ivone. Anangodutsa n'kupempha. Nanga ndikanawamana?"

Nelsa anatupanso.

Di! Di! Di!

A Ivone ali ndi munda wa chinangwa kuseri kwa tchalitchi. Tinawapeza akusenda chinangwa.

Nelsa anapinda bondo. "Bondiya, Titiya."

"Bondiya, mwanangu! Wakulatu iwe!"

"Ndabwerera nkhwangwa yanga."

"Yako? Si ya a Zacarias ija?"

"Ndi yanga!"

"Oo. Ine ndangokumbira chinangwa basi. Khasu langa linaguluka."

"Mwakumbira? Pansi?"

"Ee, pansi. Nanga chinangwa chimabala m'mwamba? Koma ndi yobuntha, iwe. Uziinolako."

Maso a Nelsa anafiira psuu. Makutu anatentha. Ine ndinabwerera m'mbuyo pang'ono. Ndinaopa kupsa nawo.

"Ili kuti, Titiya?"

"Atenga a Joaquim. Mwana wawo akukwatiwa. Akuphika thobwa. Nanga ndikanawamana?"

Di! Di! Di!

Dzuwa linali kukwera. Nelsa analiyang'ana. Anaganiza za uvuni. Anayamba kuthamanga.

"Nelsa, miyendo yanga!" ndinakuwa.

"Bwererani, Titiya!"

Ndibwerere? Nkhani ikukoma chonchi?

A Joaquim amakhala kufupi ndi malire. Ukaima pakhomo pawo umaona mtsinje wa Muloza. Tsidya linalo ndi ku Malawi. Nkhwangwa ija inayenda, ana inu. Pang'onong'ono ikanawoloka popanda chiphaso.

Pakhomo panali anthu ambiri. Amayi anali kutunga madzi. Migolo ya thobwa inali pamafuwa.

Pakati pa bwalo panali chipika cha mango. Chinali cha mfundo zokhazokha. Nkhwangwa inali m'menemo. Inali itakanirira pamfundo penipeni. Mpini unali pansi. Unali utathyoka pawiri.

Nelsa anaima chilili. Bondo sanapinde. Moni anaiwala.

A Joaquim anakanda mutu. "Pepa, mwanawe," anatero. "Ukawauze a Ivone. Mpini wawo unali wofooka."

"Si wa a Ivone!" anakuwa Nelsa. "Si wa a Zacarias! Ndi wanga! Ndipo sunali wofooka! Mwamenya pamfundo!"

Bwalo lonse linati zii. Amayi anatula zidebe. Ngakhale tambala anatseka pakamwa.

"Mwana wa yani ameneyu?" anafunsa mayi wina.

"Wokalipira akulu chonchi?" anatero winanso.

Nelsa analuma mlomo. Misozi inalengeza. Koma sinagwe. Inali yotentha kwambiri. Inauma yokha.

Anyamata ena anagogoda chitsulo cha nkhwangwa chija. Chinatuluka. Nelsa anachikulunga m'nsalu. Anachikumbatira ngati khanda.

Popita kunali di, di, di. Pobwerera kunalibe.

Tinafika kwa Dona Inocência dzuwa lili pamutu. Uvuni unali wozizira. Mtanda unali utafufuma mpaka kutayikira pansi. Anyamata a kabaza anali atapita ndi njala.

Nayenso Dona Inocência anali atatupa. Anatupa kuposa mtanda wake.

"Ndinanena chiyani ine?" anakalipa. "Ndinati chiyani za uvuni wanga?"

Nelsa anamasula nsalu. Anaonetsa chitsulo chopanda mpini.

"Ndiphikire chimenecho?" anatero Dona Inocência. "Pita! Ndiitana wina."

Pomwepo Mama anatulukira. Nkhani inali itawapeza kumjigo. Kwathu kuno nkhani imathamanga kuposa kabaza.

"Dona, tandimverani," anatero Mama. "Mwanayu sanagone. Sanasewere. Wazungulira Milange yense. Cholakwa si chake. Cholakwa chili kunyumba, chavala chipewa."

Dona Inocência anapumira m'mwamba. Anayang'ana mapazi a Nelsa. Anali mbuu ndi fumbi.

"Mawa," anatero. "Mawa lokha. Akachedwanso, basi."

Kunyumba Papa anali kukonza njinga. Anavala chipewa.

Nelsa anaika chitsulo patsogolo pawo. Chinali ndi mano ngati sowo.

"Munati ndi yanga," anatero Nelsa.

"Nelsa..."

"Ndinafunsa kawiri. Munati yakoyako!"

"Ndinatero. Koma mnansi..."

"Mnansi wadulira pamwala! Mnansi wakumbira pansi! Mnansi wamenya pamfundo! Inu munati pamfundo ayi. Munati pamwala ayi. Munauza ine ndekha?"

Papa anayang'ana kwa Mama. Ankafuna wowathandiza.

Mama anagwira m'chiuno. "Musandiyang'ane, bambo a Nelsa. Munapatsa ndi dzanja ili. Mwalanda ndi dzanja ilo. Mphatso yotani imeneyo?"

Papa anayang'ana kwa ine.

"Ine ndangobwera kudzaonera," ndinatero.

Papa anavula chipewa. Anatola chitsulo chija. Anachitembenuza. Anagwira mano ake ndi chala.

Kenako anatenga chikwanje n'kuchoka.

Nelsa anapita kushikola. Sanadye. Mlomo unatsogola. Iye anatsatira pambuyo.

Pobwerera anapeza Papa pansi pa mtengo. Anali kusema mpini watsopano. Unali wa mtengo wolimba. Unali ndi mutu waukulu.

"Koleza moto," anatero Papa.

Nelsa anakoleza.

Papa anaika mchira wa chitsulo pamoto. Unafiira psuu.

"Gwira mpini. Gwiritsa."

Nelsa anagwira.

Papa analowetsa mchira wotentha m'mutu wa mpini. Tsiii! Utsi unatuluka. Anawotchanso. Analowetsanso. Tsiii! Chitsulo chinakhazikika nganganga.

Tsono kunola. Mano aja anali ambiri. Papa ananola. Atatopa, Nelsa ananola. Atatopa, Papa ananolanso. Mama ankathira madzi pamwala.

Kwee, kwee. Kwee, kwee.

Mano anatha. Nkhwangwa inang'anima.

"Kaiyese," anatero Papa.

Kuseri kwa nyumba kunali zipika. Nelsa anaimika chimodzi. Ankayesa ali yekha. Koma ine ndinali kuseri kwa nkhokwe.

"Uyu ndi Tiyu Zacarias," ananong'ona Nelsa.

Khaa! Phwaa!

"Awa ndi Titiya Ivone."

Khaa! Phwaa!

"Awa ndi a Joaquim ndi mango awo."

Khaa! Phwaa!

Anaimika china. Anachiyang'ana nthawi yaitali.

"Awa ndi Papa," anatero.

Anakweza nkhwangwa. Kenako anaitsitsa pang'onopang'ono. Chipika chimenecho anachisiya. Anangochikhalira.

Kutacha, Nelsa anadzuka msanga. Anayang'ana kuseri kwa chitseko. Nkhwangwa inalipo. Anaiika paphewa.

"Odi! Odi kuno!"

Nelsa anauma thupi lonse. Mawu amenewo ankawadziwa.

Anali a Zacarias. Anaima pabwalo akumwetulira.

"Belarmino, m'bale wanga! Ndamva kuti mwaika mpini watsopano. Tandibwerekani. Nkhuni zowotchera nyama zandithera."

Papa anatsegula pakamwa. Pakamwa pa Papa panazolowera mawu amodzi.

"Tenga..."

Mama anatsokomola. Anatsokomola kwambiri. Chimfine analibe.

Papa anatseka pakamwa. Anayang'ana Nelsa. Anayang'ana mpini umene anasema limodzi.

"A Zacarias," anatero Papa, "nkhwangwa ine ndilibe."

"Nanga iyo?"

"Iyo si yanga. Mwini wake ndi uyo. Mufunseni."

A Zacarias anaseka. "Ndipemphe kwa mwana?"

"Mufunseni," anatero Papa.

A Zacarias anatambasula dzanja. "Chabwino. Bwera nayo, mwanawe."

Tsono apa panavuta, ana inu. Akapereka, uvuni uzizira. Ntchito itha. Akakana, wamana mkulu. Mudzi wonse umunena. Unenanso Papa ndi Mama.

Nelsa anatupa. Anatupa kuposa dzulo. Ine ndinatseka makutu. Ndinati aphulika.

Koma sanaphulike. Anapuma. Anatangadza miyendo pang'ono. Anayang'ana a Zacarias ngati akufuna mng'alu.

Kenako anapinda bondo.

"Sindikukanizani, Tiyu," anatero. "Ndikubwerekani."

"Eya! Mwana waulemu."

"Koma nkhwangwa iyi siyenda yokha. Dzulo inayenda yokha. Inabwerera yopanda mpini. Tsono ikamayenda, ine ndili pambuyo."

"Ukutanthauza chiyani?"

"Mukabwereka nkhwangwa, mwabwerekanso Nelsa. Nkhuni zanu ndiwaza ndine."

A Zacarias anaphethira. "Ine ndili ndi manja!"

"Muli nawo, Tiyu. Mwala wanu ukudziwa."

Mama anatsokomolanso. Ulendo uno kunali kuseka.

"Ndiyamba kwa Dona Inocência," anatero Nelsa. "Ndikatha, ndibwera kwanu. Nkhuni ndiwaza. Mafupa ayi."

"Ana a masiku ano!" anatero a Zacarias. "Belarmino, mukumumva?"

"Ndikumumva," anatero Papa. "Sanakumaneni."

A Zacarias anatsonya. Anachoka akung'ung'udza. Atafika pamsewu anatembenuka.

"Usachedwe, iwe! Makasitomala anga sadikira!"

Nelsa anathamanga. Anafika kuuvuni Dona Inocência asanakande mtanda.

Khaa! Phwaa!

Khaa! Phwaa!

Moto unayaka. Uvuni unatentha. Mapau anapsa. Anyamata a kabaza anadya n'kunyambita zala.

Dona Inocência sananene zambiri. Anatenga pau wotentha. Anamuponyera Nelsa.

"Mawa," anatero. "Ndi mkuja. Ndi mtondo."

Kenako Nelsa anapita kwa a Zacarias. Anawaza nkhuni zawo zonse. Anazisanja bwinobwino. Panatsala chipika chimodzi chachikulu. Anachigubuduza. Anachiika pambali pa mwala uja.

"Ichi ndi chodulirapo mafupa, Tiyu. Ndi chikwanje chanu."

A Zacarias anayang'ana mulu wa nkhuni. Anakanda chibwano. Kwathu kuno kulinso mwambo wina. Chitsulo chobwereka umangobweza. Koma munthu akakhetsa thukuta pakhomo pako, sachoka chimanjamanja.

A Zacarias anadula nyama. Anaiyang'ana. Anaona kuti yachepa. Anadulanso ina.

"Tenga," anatero. "Ubwerenso Lachisanu. Koma kamwa yako usiye kunyumba."

"Nayonso siyenda yokha, Tiyu," anatero Nelsa.

Madzulo tinakhala pamphasa tonse. Mama anaphika chinangwa. Nyama inali ya Nelsa. Anagawa yekha.

Anapatsa Mama. Anapatsa ine yofewa, poti mano anga anasamuka kalekale. Nthuli yaikulu anapatsa Papa.

"Wasiya kukwiya?" anafunsa Papa.

"Pang'ono," anatero Nelsa.

"Watsala wochuluka bwanji?"

"Wokwanira kuwazira mawa."

Papa anaseka mpaka chipewa chinagwa.

"Odi kuno!"

Tonse tinatembenuka. Anali a Joaquim. Anali ndi chigubu cha thobwa m'manja. Anachiika pansi patsogolo pa Nelsa.

"Ichi ndi cha mpini uja," anatero. "Pepa, mwanawe."

Nelsa anapinda bondo. "Pepani inunso, Tiyu. Ndinakukalipirani pagulu."

"Zatha. Koma chipika cha mango chija chikadalipo. Ukwati ndi mawa. Ndimati mwina nkhwangwa..."

Sanayang'ane Papa. Anayang'ana Nelsa.

Nelsa anayang'ana kuseri kwa chitseko. Nkhwangwa inali phee pamalo pake.

"Ibwera, Tiyu," anatero. "Mukonze mipando iwiri. Wina wa iyo, wina wa ine."

"Itatu," ndinatero ine.